Mwala umene ndinagunda pa msewu wa ku Mualadzi

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, amayi anzanga ndi abale onse a mumphakati wathu. Pali chinthu chimene ndachibisa miyezi inayi, ndipo lero ndatsimikiza mtima kuti ndichinene. Galimoto yathu sanaiwononge ndi a Bernardo, monga ambiri munamvera. Ndinaiwononga ndine.

Amene tinabwerera limodzi kuchokera ku Malawi nkhondo itatha mukudziwa kuti ndinabwera ndi setifiketi ya zaulimi, ndipo ntchito yanga ndi kuyendera minda ndi kugawa mbewu ya chimanga. Galimoto yakale ya amuna anga, bambo a Lusiya, ndiyo miyendo yanga. Matayala akutsogolo atatha tinagula atsopano ku Cassacatiza, ndipo a Bernardo, mkulu wokonza magalimoto pamsika wa Chifunde, anatiikira.

M'mawa mwake ndinanyamuka kupita ku Mualadzi, khanda langa Lusiya lili m'dengu pampando wa pambali panga. Mwana anatsamwa, ine ndinatembenuka kuti ndimugwire, ndipo gudumu lakumanzere linagunda mwala mpaka mano anga analumana. Ndinatsika, ndinaona kuti tayala silinaphulike, ndinati basi, asadziwe munthu. Ndinkaopa kulandidwa makiyi, pakuti apongozi anali atanena kale kuti mayi wa khanda sayenera kugwira chiwongolero.

Kuyambira pamenepo chiwongolero chinayamba kunjenjemera. Ndikayenda pang'onopang'ono chinkangogwedera, koma ndikawonjezera liwiro manja ankachita dzanzi mpaka m'mapewa. Choopsa kwambiri, galimoto inkakokera kumanzere. Inu mukuudziwa msewu umenewo. M'malo ena anthu ochotsa mabomba okwirira pansi anali asanafikeko, ndipo tonse tinkangoponda pamene aponda anzathu.

Bambo a Lusiya ataiyesa, anapita kumsika n'kukalalatira a Bernardo pamaso pa anthu kuti aika matayala mokhota. Ine ndinali pomwepo, mwana kumsana, ndipo sindinatsegule pakamwa. Anthu anayamba kupita ndi magalimoto ndi njinga zawo kwina. Mkulu uja, amene nkhondo inamutengera zonse kupatula zipangizo zake, ankangokhala pa tayala lakutha tsiku lonse, manja oyera. Ife tinayesa mekaniko wina, amene anangolimbitsa mabawuti n'kuwonjezera mpweya. Kunjenjemera sikunathe, ndipo tayala latsopano linayamba kudyeka mbali ya mkati yokha. Ku Misa ndinkalephera kuimirira kukalandira Ukaristia.

Tsiku lina galimoto inandiposa mphamvu, gudumu n'kulowa mu udzu wa m'mphepete. Ndinaima, Lusiya akundisekerera osadziwa kanthu. Ndinabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, ndipo ndili pomwepo ndinapemphera kuti, Ambuye, mwatisunga, tsono ndipatseni mphamvu ndipite kumene ndikuchita manyazi kupitako. Sindinapite kunyumba. Ndinalunjika kwa a Bernardo.

"Amake Lusiya, mwabwera kudzamaliza zimene anasiya amuna anu?" anatero akuseka.

Sanadikire yankho. Anakweza galimoto ndi jeke, anazika kamtengo pafupi ndi limu, chitsulo chimene tayala limavalapo, n'kuzunguza gudumu ndi dzanja. Likazungulira kamodzi, limu linkakhudza kamtengoko pamalo amodzi okha. Linali litapindika. Anasamutsira gudumulo kumbuyo, tinayenda pang'ono, ndipo kunjenjemera kunachoka m'manja n'kupita kumpando. Koma kukokera kunali pomwepo. Ndiye anakoka chingwe kuchokera ku tayala lakumbuyo kufika lakutsogolo, ndipo ngakhale ine ndinaona kuti lakumanzere likuloza kunja. Anagona pansi pa galimoto, anapeza chitsulo cholumikiza chiwongolero ndi gudumu chitakhota.

Atatuluka anapukuta manja, nandifunsa motsitsa mawu, "Mwalawo unali waukulu bwanji, mayi?"

Ndinalira, abale anga, ndinawauza zonse. Iwo sanandidzudzule. Anawongola limu ndi nyundo, anasintha chitsulo chija, ndipo anasuntha gudumu pang'onopang'ono mpaka chingwe chinagona mofanana mbali zonse. Pobwerera ndinamasula manja pang'ono, galimoto inayenda molunjika. Munthu amene ndinamuipitsira mbiri ndi amene Mulungu anamukonza kuti apulumutse ine ndi mwana wanga.

Potsanzikana paja a Bernardo anati, "Izi zithere pano. Musakasokoneze banja chifukwa cha nkhalamba ngati ine."

Sindinawamvere. Tsiku lomwelo ndinawauza bambo a Lusiya. Anakhala masiku awiri osandilankhula, kenako anapita okha kunyumba kwa a Bernardo kukapepesa, ndipo makiyi sanandilande. Koma chipongwe chinachitikira pamsika, pamene kupepesa kunachitikira m'nyumba, ndipo mpaka pano ena mukuwadutsa a Bernardo ndi njinga zanu. N'chifukwa chake ndalemba izi kuti ziwerengedwe pamaso panu. Bwererani kwa iwo, manja awo ndi abwino.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanalole kuti bodza langa litiphe. Inu amene mwanyamula chinthu chobisika, limbani mtima, pitani pakhomo limene mukuliopa, pakuti ine thandizo ndinalipeza kumeneko. Komabe mtima sunakhazikike. A Bernardo anandipempha kuti ndikhale chete, amuna anga lero achita manyazi kachiwiri, ndipo apongozi amva zonse kuchokera kwa inu. Ndiuzeni moona, amayi anzanga, kodi ndachita bwino?