A Dikoni ndi Theka la Mbale

Kunatsala masabata atatu kuti a Dikoni aperekeze mwana wawo wamkazi kuguwa pa tsiku la ukwati wake, koma jekete ya suti imene mwanayo anawagulira inkakanabe kumanga batani. M'mawa umenewo anakwera pa sikelo m'chipinda chogona ndi mtima wa munthu amene wadzimana miyezi itatu ndipo akudikira mphoto yake, mayi a kunyumba n'kuwerama kuti awerenge muvi, poti eni akewo mimba inkawatchinga.

"Yati bwanji?" anafunsa a Dikoni.

"Makilo 94."

"Amenewo ndi a miyezi itatu yapitayo. Ndikufunsa a lero."

"A lero ndi omwewo, bambo."

"Ndiye kuti yafa."

"Siinafe. Dzulo ndinaikapo paketi ya shuga ya makilo awiri, inati awiri."

"Shuga alibe nayo mlandu. Imadana ndi ine." A Dikoni anavula nsapato, lamba, wotchi ndi magalasi. Anatulutsa makiyi a tchalitchi m'thumba limodzi, kabuku ka nyimbo m'thumba lina. "Werenganinso."

"Makilo 94."

"Mayi, ine ndagwira ukalipentala zaka makumi anayi. Chida chikayamba kunama ndimachidziwa. Ndipo Malemba sabisa, sikelo yachinyengo Mulungu amanyansidwa nayo."

"Kodi ikunyenga ndani? Palibe amene akukugulani."

A Dikoni anapumira m'mwamba. Kenako nkhope yawo inawala. "Mwina ndi katundu wa mumtima. Paja timaimba kuti titule zolemetsa zathu." Anatsinzina ali pa sikelo pomwepo. "Ndamukhululukira mlamu wanga amene anathyola sowo yanga. Ndawakhululukiranso a kwaya amene amathamangitsa nyimbo ngati akuthawa mvula. Yatsika?"

Mayi anawerama, nayang'anitsitsa. "Kaya mkwiyo umalemera makilo angati, koma apa sunaoneke."

"Iii, nanga munthu achite chiyani? Adokotala anati zinthu zitatu, ndipo zonse ndazisunga ngati malamulo a pa phiri. Anati shuga ayi. Ndalawapo shuga ine?"

"Ngakhale kamodzi. Ndimakuthirirani uchi."

"Uchi?"

"Masupuni atatu. Adokotala anati shuga. Uchi sanautchule."

A Dikoni anakumbukira mmene anaimirira pa msonkhano wa abambo, n'kuchitira umboni kuti Ambuye amene anatsekemeretsa madzi owawa m'chipululu atsekemeretsanso tiyi wawo wopanda shuga. Abambo onse anawomba m'manja tsiku limenelo.

"Uchi ulibe vuto," anatero, atakweza chibwano. "Dziko lolonjezedwa linkayenda mkaka ndi uchi, ndipo sitinamvepo kuti munthu analephera kumanga jekete."

"Mkaka ndimathiramonso."

"Tisiye za tiyi. Chachiwiri, anati ndizidya theka la mbale. Kodi sindidula pakati penipeni ndi mpeni, ngati thabwa?"

"Mumadula bwino zedi. Koma sabata yoyamba munkandimvetsa chisoni. Pemphero lalitali, kampunga kochepa. Ndiye ndinatsitsa mbale ya alendo ija."

"Yamaluwa ija? Imene timaperekera chakudya anthu asanu?"

"Yomweyo."

"Ine ndimati mukundilemekeza."

"Ndimakulemekezani ndithu. Adokotala anati theka la mbale. Sanati mbale iti."

"Nanga theka lotsalalo limapita kuti?"

"Kutaya chakudya ndi tchimo, bambo. Ngakhale makombo a mikate ija anawatola m'madengu. Ndimamaliza ine ndikatha changa."

A Dikoni anagwedeza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. Nkhani ya makombo siinawakhudze. Mdani wawo anali pansi pa mapazi awo.

"Chabwino. Koma chachitatu palibe angandinene. Anati ndiziyenda ola limodzi tsiku lililonse. Ine ndimatuluka sikisi koloko, kubwera naini. Maola atatu, mayi. Nsapato zatha zidendene."

"Mumayenda kupita kuti?"

"Mukudziwa. Sindingayende chabe ngati galu wosokera. Ndimazonda odwala a mumpingo."

"Nyumba zingati?"

"Zisanu. Nthawi zina zisanu ndi imodzi."

"Zonse zili mumsewu wathu womwe uno."

"Si ine ndinawasankhira podwalira."

"Mukafika mumaimirira?"

"Munthu ungazonde wodwala utaimirira ngati wapolisi? Amandipatsa mpando."

"Mpando wokha?"

A Dikoni anakanda kumutu. "Aaa, katiyi basi. Ndi kabuledi. Amayi amasiye a pakona paja amakazinga kadzira, poti amati ndimawakumbutsa malemu amuna awo. Agogo odwala mwendo aja amasunga nthochi. Ukakana, amalira. Mtumiki akalowa m'nyumba amadya zimene amuikira, zinalembedwa zimenezo."

"Ndiye mumadya kasanu musanadye kunyumba."

"Kumeneko si kudya. Ndi utumiki."

"Buledi wa utumiki amapita m'mimba ina?"

"Mayi, musaseke zinthu za Mulungu."

"Sindikuseka, ndikungofuna kudziwa. Ngati ilipo mimba ina, mwina ndi imene ikukana batani."

A Dikoni anatsika pa sikelo, natenga jekete ija pa khoma pamene inapachikidwa pambali pa diresi la mayi. Diresilo telala anasoka miyezi itatu yapitayo, ndipo linali likadali m'pepala lake, kudikira tsiku lalikulu. A Dikoni anavala jekete, nakoka mpweya, nakoka mbali ziwirizo. Batani ndi bowo lake zinayang'anana patali ngati abale okangana pa maliro.

Anakhala pa bedi. Mawu awo anatsika.

"Mwanayu anasunga malipiro ake kuti bambo ake aoneke bwino. Ndikayenda naye pakati pa tchalitchi jekete ili yasa, anthu adzati chiyani?"

"Adzati jekete ili yasa."

"Zikomo, mwanditonthoza." Anadzukanso, mtima wa ukalipentala utabwerera. "Komabe ine ndikuti sikeloyi ndi yabodza. Uchi, mbale, kadzira, zonsezo n'zazing'ono. Munthu sangavutike miyezi itatu muvi osasuntha ngakhale pang'ono. Muviwo unamata. Aliyense amene angakwerepo idzati 94."

"Paketi ya shuga inati awiri."

"Ndikunena munthu, osati shuga."

"Ndiye ndikwerepo ine muone," anatero mayi, akuvula masilipasi. "Tsiku limene tinapita kwa adokotala anandiyeza nanenso. Makilo 68. Telala anandiyeza sabata yomweyo. Ikati 68, muvomere kuti imanena zoona, ndipo musiye kuitukwana ndi mavesi."

"Ikati 94, mupepese."

Mayi anakwera mwaulemu, manja ali m'chiuno, maso ali kudenga ngati munthu amene mlandu wake wapambana kale. A Dikoni anavala magalasi, nagwada movutikira, nayandikitsa nkhope pa muvi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Yati bwanji?" anafunsa mayi.

"Makilo 75."

"Mwawerenga mozondoka."

"Mozondoka ikanati 57. Yati 75."

Mayi anavula mpango wa kumutu. Anavula ndolo. Anachotsa juzi, nataya pa bedi kachikwama kamene kanali m'thumba.

"Werenganinso."

"Makilo 75. Kapena pali wina amene simunamukhululukire?"

Maso a mayi anachoka kudenga, napita pa diresi lija lili m'pepala lake, lopapatiza m'chiuno monga telala analiyezera. Kenako masowo anapita kukhomo la kukhitchini, kumene mbale yamaluwa inali kuuma pa thebulo. Mayi anatsika pa sikelo pang'onopang'ono, ngati munthu wotsika m'basi yolakwika.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "sikeloyi yafa."

A Dikoni anadzuka, napukuta maondo, natola masilipasi aja n'kuwaika bwinobwino pa mapazi a akazi awo.

"Siinafe, mayi. Dzulo munaikapo shuga, inati awiri. Kavaleni nsapato, lero tiyenda tonse, ndipo tidzera msewu umene kulibe odwala."