Manja ofiira a malemu amuna anga

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine NyaNyirenda wa kuno kwa Magodi, mayi wamasiye wa ana awiri. Sukulu sindinapite nayo patali, koma zimene Mulungu anandichitira sizifuna sukulu kuti ndizinene. Anthu ananditchula mfiti yodya mwamuna wake, ndipo ana anga anatsala pang'ono kulandidwa chifukwa cha mphika wa makungwa.

Kuyambira ndili mtsikana ndimakonda kuluka. Si malonda ayi, ndi pamene mtima wanga umapumira. Tikagulitsa thonje ndinkasungako lotsala, n'kulichotsa njere ndi zala, kenaka n'kumapota ulusi pa kamtengo kamene ndinakabaya m'kachidutswa ka phale. Ulusiwo ndinkaunyika m'madzi a makoko a anyezi kuti ukhale wachikasu, kapena m'madzi a makungwa a mlombwa kuti ufiire. Amene munatemapo mlombwa mukudziwa kuti umatuluka madzi ngati magazi, ndipo akakulowa m'manja sachoka msanga ngakhale usambe ndi sopo.

Amuna anga, a Zimba, ankaikonda ntchito imeneyi kuposa mmene ankaonetsera. Singano zanga zolukira anandisulira ndi iwo kuchokera ku masipoko a njinga yawo yakale. Makungwa ankabwera nawo okha pochokera kumunda, ndipo ulusi ukatuluka mumphika ankaufinya ndi iwo, poti manja anga ndi ofooka. Koma zonsezi tinkachitira kuseri kwa nyumba. Ankati, "NyaNyirenda, akulu anga akadzangomva izi, kukhola la ng'ombe kwa amuna anzanga sindidzapondakonso. Adzandiveka chitenje." Ine ndinkaseka, osadziwa kuti kubisa kumeneko kudzandilumira kutsogolo.

M'nyengo yozizira ya chaka chatha tinanyika ulusi wa juzi yawo. M'mawa mwake anadzuka mutu ukuwawa, thupi lili moto. Tinathamangira nawo kuchipatala, koma sanabwerenso ndi miyendo yawo.

Kuno kwathu mtembo wa mwamuna amasambitsa amuna anzake, ndipo amene anatsogolera anali alamu anga a Yotamu, akulu awo a malemu. Iwo anaona zikhatho za mng'ono wawo zili zofiira, m'zikhadabo momwe muli psuu, ndipo anayesa kutsuka koma sizinachoke. Titaika maliro, anazungulira kuseri kwa nyumba yanga n'kupeza mphika wa madzi ofiira, makungwa ali momwemo, pamodzi ndi misomali ya dzimbiri imene ndimaponyamo kuti mtundu ude bwino. Kwa iwo nkhani inathera pomwepo. Anati ndinkaphika magazi a mng'ono wawo.

Abale anga, misozi ya maliro isanaume ndinayamba kulira ina. Kumjigo amayi ankasuntha zidebe zawo ndikafika. Amene ankadzapala moto kwanga anasiya. Kenaka kuchokera kwa abale a malemu kunabwera uthenga wakuti pa tsiku logawa zovala za malemu, ine ndidzanyamuke kubwerera kwathu ndekha. Ana anga Tiyezge ndi Wongani adzatsale, chifukwa ng'ombe za malowolo zinaperekedwa zonse ndipo ana ndi a kuchimuna, komanso mfiti singalere ana a eni ake. Zakudya zinasiya kulowa. Ndinkangoyang'ana ana anga akudya, n'kumaganiza kuti adzawasambitsa ndani.

Amayi ena a kutchalitchi kwathu anabwera mozemba n'kundilangiza mwachikondi kuti ndikataye mphikawo kudambo ndi kutentha ulusi wonse, mwina mitima ya anthu ingazizire. Ndinakana. Ndikanataya, ndiye kuti ndavomera. Ulusi umenewo unali chinthu chomaliza chimene amuna anga anachigwira ali ndi mphamvu, ndiye ndiutenthe kuti ndikondweretse anthu abodza? Ndinagwada pakati pa nyumba masanasana, ndipo pemphero langa silinali laulemu kwenikweni. Ndinati, Ambuye, mlombwa munalenga ndinu, madzi ake ofiira munaikamo ndinu. Mwanditengera mwamuna, ndavomera. Koma ana awa simunanene kuti mukuwatenga, ndipo ine sindiwapereka. Nkhani iyi muyankhe ndinu.

Tsiku litafika ndinakoleza moto kutsogolo kwa nyumba, poyera, n'kuwiritsa makungwa atsopano. Madzi atazizirako ndinasenza mphikawo pamutu mpaka pabwalo la apongozi pamene abale onse anasonkhana. Nditautula pansi, ena anadzuka n'kukokera mipando kumbuyo.

"Mwaonatu!" anatero a Yotamu. "Wabwera nazo yekha."

Ndinawauza kuti awa ndi makungwa, ndipo manja a malemu anafiira chifukwa ankandifinyira ulusi. Amuna onse anaseka. A Yotamu anati, "Mng'ono wanga, wogwira ng'ombe panyanga uja, azifinya ulusi? Alamu, bodza linali lina, osati ili."

Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe wondiimira. Ndipo thandizo linachokera kumene sindinaliyembekezere ngakhale pang'ono. Apongozi anga aakazi sanandikondepo chikwatiwire. Ankati ndine waulesi, ndimakhalira kuseweretsa thonje anzanga ali kumunda. Chichitikire maliro anali asanandilankhule. Tsiku limenelo anadzuka pamphasa ndi ndodo yawo, n'kuvula duku. M'kati mwake munali kachipewa kofiira kamene ndinaluka kalekale, kamene amuna anga anandiuza kuti kanasowa.

"Ichi anandipatsa mwana wanga," anatero. "Manja ake anali psuu tsiku limenelo. Ndinamukalipira kuti akuchita ntchito ya akazi, iye n'kundipempha kuti ndisakuuze iwe Yotamu, poopa pakamwa pakopo. Mkamwana uyu sindimukonda, ndipo ndiwo zake mchere sukwana mpaka lero. Koma sindikalowa m'manda ndi bodza. Yotamu, pisa dzanja mumphikamo."

A Yotamu anazengereza. Amayi awo anagogoda ndodo pansi. "Ukuopa makungwa, mwamuna wamkulu iwe?"

Ndinaponyamo ulusi woyera, a Yotamu n'kupisa manja, kuutulutsa ndi kuufinya. Anawapatsa madzi ndi sopo, anasamba, anakwecha ndi mchenga. Kenaka anatambasula zikhatho zawo n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Pomaliza anangoti, "Ndi momwemu mmene manja ake analili." Munthu wamkulu uja anakhala pansi pafumbi n'kulira mng'ono wake, kulira kumene sanalire pamaliro.

Za kuchoka kwanga palibe anazitchulanso. Zovala za malemu anagawana, koma ulusi wa juzi ija palibe anaukhudza. Ndinaluka nawo juzi yocheperako, ndipo chaka chino Wongani wapita nayo kusukulu nyengo yonse yozizira. Pali ena mpaka pano amandilambalala panjira. Alambalale, njira ndi yotakata. Ana anga akugona m'nyumba ya bambo awo, ndipo amawafunditsa ndine.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatsegula pakamwa pa munthu wosandikonda kuti andipulumutse. Ndikanataya mphika uja kudambo, a Yotamu akanapisa dzanja pati? Inu amayi anzanga amasiye, ndi inu nonse amene akukunamizirani, musataye chinthu choyera chifukwa choti anthu achitcha chonyansa. Limbani, pempherani ngakhale mawu atuluke okwiya, Iye amamva ndithu.

Masiku ano ulusi wanga ndimayanika kutsogolo, m'mbali mwa njira, aliyense aziona. Ndipo Lamlungu tikamaimba, ndimakweza manja anga onse awiri m'mwamba, ali ofiira choncho. Yewo, zikomo Ambuye, sindidzawabisanso.