Mtanda Wofiira pa Nyumba ya Apongozi

Achimwene owulutsa, ine ndimagwira ntchito pakakampani kojambula mapulani a misewu. Yanga ndi kugwira tepi basi, koma kuchikamwini kwanga ku Mitundu ndinkadzitama kuti msewu wopita ku Nathenje ndajambula ndine, mpaka ogulitsa tomato ankandiikira basera.

Tsiku lina bwana anandipatsa penti wofiira kuti ndilembe mtanda pa nyumba zoti zigumulidwe. Yachitatu inali ya apongozi. Ndinayesa kunenerera ngati pamsika: "Bwana, tausunthani pang'ono msewuwu."

Iwo anali atamva kale mbiri yanga, ndipo anakuwa pagulu: "Lembani, a injiniya! Si munajambula ndinu?"

Ndinalemba apongozi akuyang'ana. Poweruka ndinapeza chikwama changa panja, mkazi wanga atachilemba mtanda ndi khala.