Bambo Njobvu ndi Mafomu Amene Anasaina Amalume

Malemu bambo athu, a Adamson Njobvu, anabadwa pa 14 Malichi 1958 kufupi ndi Katete, m'banja la ana asanu ndi awiri. Iwo anali achitatu. Anabatizidwa mu mpingo wa Reformed ali khanda, ndipo sanachokemo mpaka imfa yawo. Sukulu anayamba mu 1966, nafika Fomu 3. Ankawalipirira anali amalume awo, ndipo amalumewo atamwalira, sukulu inathera pomwepo.

Mu 1977 anabwera kuno ku Kabwe kudzafuna ntchito ku mgodi. Pansi sanawatsitse, akuti anali owonda kwambiri. Anawaika ku labu, kotsuka mabotolo, ndipo kumeneko anaphunzira kuyeza dothi mongoonerera. Pa 21 Ogasiti 1982 anamanga banja ndi amayi athu, a Esnath Mbewe. Mgodi utatsekedwa mu 1994, anakhala akukonza njinga ku Natuseko zaka zisanu ndi zinayi, mpaka mu 2003 pamene koleji ina ya m'tauni muno inawalemba ntchito yothandiza mu labu.

Tonse pano tikudziwa za mtovu umene uli m'dothi lathu, ndi mmene umalowera m'magazi a ana akamasewera pabwalo. Bambo zimenezi zinkawadya mumtima. Maganizo awo anali akuti mabwalo a nyumba athiridwe dothi labwino lochokera kutali, adzalepo kapinga, kenaka pakatha chaka ana ayezedwenso magazi, zioneke ngati zathandiza. Koma malole a dothi sayenda ndi maganizo. Panafunika thandizo la boma la kafukufuku, ndipo thandizo limenelo lili ndi malamulo ake.

Mu 2019 anapempha koyamba. Anawabweza chifukwa wotsogolera kafukufuku ayenera kukhala ndi digiri, pomwe iwo anali ndi Fomu 3 basi. Sanakhumudwe nthawi yaitali. Anakagogoda kwa mphunzitsi wa pakolejipo, a Dokotala Irene Daka, kuti dzina la mphunzitsiyo likhale patsogolo, bambo akhale wothandiza. Mu 2021 anawabwezanso, chifukwa kalata ya komiti yoona kuti anthu sapwetekeka pa kafukufuku inatuluka mochedwa, tsiku lotsekera litadutsa. Amayi ankawaseka kuti malamulowo awaloweza kuposa katekisimu, iwo n'kumayankha kuti katekisimu sinawabwezepo. Mu Novembala 2023, ulendo wachitatu, pempho linavomerezedwa.

Mu 2024 analembetsa nyumba makumi asanu ndi anayi ku Makululu. Mwana aliyense asanayezedwe, pankafunika fomu yosainidwa yoti abale alola. Apa ndi pamene bambo analakwitsa, ndipo anandiuza kuti ndidzanene poyera, ndisabise. Akafika pakhomo, ankachita monga anakulira: ankafunsa kuti mwini mbumba ndani, n'kupereka cholembera kwa amalume a mwanayo. Amalume akakhala kutali, ankasaina agogo. Anzathu a Chibemba ndi a Chilenje sanaone chachilendo, poti kwa iwonso malume ndi wamkulu. Ngakhale fomu ya mwana wanga Mwiza, amene tikukhala naye ku Makululu komweko, anasaina ndi achimwene anga a Derrick, ine mayi wake nditakhala pomwepo ndikuyamwitsa.

Pa 17 Malichi chaka chino anabwera a ku ofesi yopereka thandizolo kudzaona mapepala. Anapeza kuti mafomu makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi sanasainidwe ndi kholo lobereka, kapena wolera mwana wokhala ndi kalata ya boma, monga lamulo likunenera. Anaimitsa zonse. Anapereka masiku makumi asanu ndi limodzi kuti mafomu akonzedwe; kupanda kutero, thandizo libwerera, ndipo malole sadzabwera. A Dokotala Daka anafuna kutuma ophunzira awo, koma bambo anakana. Anati, “Ndalakwitsa ndine, ndipo makomo amenewo ndikuwadziwa ndine.”

Sinali ntchito yapafupi. Amayi ena anali ku maganyu m'mafamu a ku Chisamba, ena anakwatiwira ku Ndola. Ana amasiye anafunika kalata ya ku ofesi yoona za umoyo wa anthu. Panalinso amalume amene anakwiya, amati dzina lawo likufufutidwa pamaso pa akamwini. Bambo ankakhala nawo pansi mmodzimmodzi, kuwafotokozera kuti umalume wawo palibe waukhudza, kungoti pepala la boma limafuna dzanja la mayi kapena bambo.

Mu Epulo miyendo ya bambo inayamba kutupa, mpweya n'kumabanika. Ku chipatala anati ndi mtima, ndipo anawauza kuti apume. Sanapume. Pa 5 Meyi anagwa potsika minibasi, n'kugonekedwa. Mafomu anatsala khumi ndi asanu ndi anayi, masiku khumi ndi limodzi.

Ine sukulu ndinalekera Giredi 9, ndipo malamulo a Chingerezi aja sindimawamva onse. Koma bambo anandiphunzitsa ali pabedi zinthu zitatu: woyenera kusaina ndani, mboni isaine pati, tsiku lilembedwe bwanji. A Dokotala Daka analembera ku ofesi kuti ndiloledwe kuyenda ndi wophunzira wawo, ndipo anavomera. Fomu yomaliza tinakasainitsa ku Kapiri Mposhi, kwa mayi wogulitsa nthochi pamabasi, amene anasainira pa bondo basi ikuliza hutala. Mapepala onse anafika ku Lusaka pa 16 Meyi, tsiku lomaliza lenilenilo.

Kenaka kunali zii. Milungu itatu bambo ankangofunsa aliyense wolowa mu wodi ngati kalata yabwera, ngakhale abusa obwera kudzapemphera. Lachiwiri pa 10 Juni a Dokotala Daka anabwera nayo okha. Inati mafomu onse alandiridwa ndipo ntchito ipitirire. Bambo anapempha kuti iwerengedwe kawiri. Atamva, anapempha phala, pomwe anali atakana chakudya masiku atatu, ndipo analimaliza. Lachinayi pa 12 Juni, m'mawa, anatisiya mwakachetechete, amayi atawagwira dzanja. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi ziwiri.

Ena mwakhala mukufunsana pamaliro pano ngati imfayi iimitsanso ntchito. Ayi. Lamulo limaimitsa ntchito akachoka wotsogolera, ndipo wotsogolera alipo, akhala apo. Malole ayamba Lolemba. Inu a ku Makululu, chotsani nkhuni ndi migolo pabwalo, nkhuku mutsekere.

Malemu asiya amayi athu a Esnath, ana anayi: Derrick, Patricia, Wesley ndi ine Annet, komanso zidzukulu zisanu ndi zinayi. Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalira, a Dokotala Daka ndi ophunzira awo, amayi a chigwirizano amene agona pano masiku awiri, ndi amalume onse amene analola kuti alongo awo asaine. Kwa anansi athu a Chibemba, natotela sana, zikomo kwambiri.

Bambo, ntchito munaikonza musanapite. Mzimu wanu uuse mumtendere.