Lembani Kuti Palibe Vuto

Mwana wawo wamkazi atatopa ndi kuleretsa nkhondo pafoni, anawapezera mlangizi wa mabanja, n'kunena mosapsatira kuti zikapanda kusintha adzatenga amayi akewo azikakhala nawo kwake. Ndiye si awa pabenchi kunja kwa ofesi ya mlangiziyo: bambo, dalaivala wa basi wopuma pantchito amene sanavomerepo kuti wasochera, ndi mayi, telala amene sakhulupirira chinthu asanachiyeze, fomu ili pamiyendo.

"Musalembe zambiri," ananong'ona bambo, maso ali kuchitseko. "Tilowe, timupatse moni, tituluke. Mwana amve kuti tinabwera, nkhani ithe."

"Pamwamba apa alemba kuti tiyankhe mafunso onse moona mtima."

"Amalemba choncho paliponse. Werengani."

"Mumakangana kangati pa sabata?"

"Ziro."

Mayi anatsitsa magalasi. "Ziro? Lero lokha kawiri. Za thaulo, ndi za njira yobwerera kuno."

"Kumene kuja si kukangana. Ndimakuwongolerani."

"Aa, kuwongola munthu mpaka aneba kutsegula mawindo?"

"Ndati ziro!"

"Katatu," anatero mayi, akulemba. "Kuphatikiza panopa."

Bambo anavula chipewa, n'kuchivalanso.

"Mayi, tamvani. Mlendo akamabwera, si paja mumasesa m'nyumba? Apanso ndi chimodzimodzi. Munthu wachilendo sitimuonetsa zinyalala."

"Alendo ndife. Ofesi ndi yake."

"Ho, inu! Pitirizani."

"Vuto lalikulu m'banja mwanu ndi lotani?"

"Palibe."

Mayi analemba mosathamanga, akutchula mawu amodziamodzi. "Bambo akuti palibe."

"Mukalemba choncho aziona ngati inu muli nalo."

"Ndili nawo. Angawo ndalemba kuseri, kutsogoloku malo anachepa."

Mayi anatembenuza pepala. Kuseri kunali kodzaza mpaka m'mphepete, timalemba tating'ono tolunjika bwino ngati msoko wa mashini.

"Mayo ine! Mwalemba nthawi yanji zonsezi?"

"Muja mumauza mlonda kuti chikwangwani chawo anachiika polakwika."

"Anachiikadi polakwika!"

"Loyamba," anawerenga mayi. "Amandiphunzitsa kusoka."

"Munthu asathandize mkazi wake?"

"Munauza kasitomala kuti diresi lake lakhota. Linali lokhota dala, bambo. Ndi sitayilo. Mayi uja sanabwerenso."

"Diresi lokhota ndi lokhota."

"Lachiwiri. Chilichonse amachiikira nthawi. Tiyi seveni koloko. Ndikachedwa mphindi zisanu amagogoda wotchi ndi chala."

"Zaka makumi atatu basi yanga sinachedwepo!"

"Ine si basi."

Bambo anayang'ana kudenga ngati kungachokere mboni. Kunali fani yokha, ikuzungulira mwaulesi.

"Siyani kuseriko. Bwererani kutsogolo."

"Mnzanu anakuyamikirani liti komaliza?" Mayi analuma cholembera, n'kuyamba kuwerenga zala. Zala za dzanja limodzi zinatha.

"Mukuwerenga masiku?"

"Zaka."

"Bodza! Lachiwiri lomweli ndinayamikira malaya ndavalawa!"

"Munati, 'Awa sakuthina ngati aja.'"

"Eya! Si kuyamikira kumeneko?"

"Ndilemba momwe munanenera. Aweruze yekha." Analemba. "Nanga inu? Pali mbali yanunso."

"Ine sindisowa kuyamikiridwa ndi munthu."

"Bambo sasowa..."

"Dikirani kaye." Bambo anagwira pepala. Anakhosomola pang'ono. "Kungoti kale anthu amandidikira pasiteji, mvula ikuwagwa. Ndikangotulukira pakona, onse kuimirira, ena mpaka kuwomba m'manja. Lero ndikalowa m'chipinda chosokera mumati, 'Mukunditchinga kuwala.'"

"Koma mumanditchingadi."

"Ndikudziwa kuti ndimatchinga!"

"Windo ndi limodzi, ndipo inu ndi wamkulu thupi."

"Mayi! Ndimabwera kuti ndidzakhale nanu! M'nyumba monse muli zii, ana anapita, pabalaza ndimangoyang'anana ndi wotchi. Ndipite kuti?"

Cholembera chinaima. Mayi anawayang'ana amuna awo, ndipo chisoni chinawagwira, chifukwa zimenezi sanaziganizirepo n'kamodzi komwe.

"Simunanenepo."

"Simunafunsepo."

"Ine ndimayesa mumabwera kudzayendera ntchito."

"Ndiye ndingoima chabe ngati chitsa? Ndimayenera kunena kanthu. Ndikaona diresi lokhota ndimanena za diresi."

"Linali lokhota dala."

"Chabwino, linali lokhota dala!" Bambo anapukuta kumaso ndi chipewa. Mawu anatsika. "Ndipo chikwama mwalongedza chija, chili kuseri kwa chitseko, mumayesa sindinachione? Sabata yathunthu chakudya sichikutsika. Ndikadutsa ndimachinyamula pang'ono, ndione ngati chawonjezera kulemera."

"Chimene chija muli makatani a kasitomala."

"Makatani?" Nkhope ya bambo inawala. Anaseka, n'kudzimenya pantchafu. "Makatani! Ine kuonda chifukwa cha makatani!"

"Changa chili pansi pa bedi."

Kuseka kunathera panjira.

"Zonsezi ndilembe?" anafunsa mayi.

"Musalembe! Za m'nyumba mwathu aziwerenga munthu woti sitikumudziwa n'komwe?"

"Ndiye mbali yanu ikhala momwemo. Palibe."

"Eya."

Mayi anatseka cholembera, n'kuika fomu pabenchi pakati pa awiriwo. Anatola kachikwama kawo ka m'manja. Sanakwiye ayi, anangolankhula ngati mmene amauzira kasitomala kuti nsalu yachepa.

"Ngati inu mulibe vuto, ndiye kuti mavuto onsewa ndi anga ndekha. Palibe chifukwa chokuvutitsirani nawo. Ndipita nawo kwa mwana."

"Aa, mayi..."

"Ine ndikupita. Moni mumupatse nokha."

Pomwepo chitseko chinatseguka. Mlangizi anasuzumira, n'kuwapempha kuti alowe, ati nthawi yawo ndi ola limodzi.

Bambo anadzambatuka, anatsomphola fomu pabenchi, dzanja lina lagwira kale mkono wa akazi awo.

"Ola limodzi lokha? Mayi, fulumirani, nthawi ikutha! Ndipo ndiyamba ndine kulankhula."