Kawiri Paphewa

Pamzere wa pamalire a Tajikistan ndi Kyrgyzstan, Yerlan anazimitsa njinga yake yamoto akusekabe yekha. Dalaivala wa lole yankhosa anamuyandikira.

"Achimwene, mukucheza ndi ndani m'chipewamo?"

"Ndi mayi akunyumba. Tachokera ku Almaty, ulendo wa ku India."

"Mwawaika m'chikwama?"

Yerlan anacheuka. Kumbuyo kunali tenti yokha.

"Sizingatheke! Akakwera amandimenya paphewa kawiri, ine n'kunyamuka. Pomwe timamwa tiyi paja andimenya ndithu!"

"Ameneyo ndi mwini tiyi. Amatsanzika aliyense choncho."

"Mayo ine! N'chifukwa chake njinga imakwera mapiri ngati mbuzi. Ine kumayamikira petulo!"

"Osadabwa kuti angoti zii?"

"Ndimati lero akugwirizana nane pa chilichonse. Mpaka ndawamasukira za khalidwe la amayi awo."

"Mwapulumuka, sanamve. Bwererani mukawatenge."

"Koma zipewa zathuzi zili ndi kawailesi kolankhulirana. Kamamveka patali ndithu."

"Za apongozizo munaziyamba muli pati?"

"Ndisanatuluke n'komwe pageti la malo a tiyi aja."

"Aaa, pepani."

"Achimwene, m'lolemu simungakwane nkhosa ina imodzi?"