Manja a Raihana

Pamzere wa matakisi a ku Chatsworth, kutali kudziko la eni, mayi wina anadziiwala nakalipira mwana wake Raihana m'Chichewa. Bambo wachikulire kumbuyo kwake anayankha chapansipansi.

"Musamukalipire, mayi. Manjawo asweka ndi chiyani?"

"Eish, ndinu akwathu? Ndi madzi, bambo. Akayamba kutawaza kuti aswali, samaliza. Amati chigongono sichinanyowe, n'kuyambiranso, mpaka kulira. Poyamba tinkanyadira kuti tabala mwana wopemphera. Pano apongozi akuti ndi majini, timutumize ku Mangochi."

"Nanga kuchipatala?"

"Adokotala akuti ndi matenda a nkhawa, ndipo akayamba munthu ali mwana chonchi, nthawi zambiri amakhala akumtundu. Anandifunsa ngati alipo wina. Ndinakana."

"Palibedi?"

"Bambo ake amabwererabwerera pachitseko kukaona ngati akhoma. Ndimangoti akuopa matsotsi."

"Ine anzanga ankamaliza kuswali ndidakali pampopi. Mayi anganso chimodzimodzi. Anthu ankangotiyamikira, ife tikuvutika."

"Ndiye nditani, bambo?"

"Ku Mangochinso madzi aliko, mayi. Bwererani kwa adokotala, ndipo mutenge bambo akewo. Koma tsikulo chitseko mukhome ndinu, kuti mukafike nthawi yabwino."